Tidzazifuna Tsiku Lina

Ndadikira kuti Gasipari akwere shapa ya ku Tete.
Fumbi lake lisanatsike pamsewu wa Ulongwe
ndakokera bedi pakati pa chipinda.
Mayo ine! Zaka khumi ndi zinayi
takhala tikugona pamwamba pa msika.

Mawailesi atatu osalankhula.
Tcheni cha njinga imene tinagulitsa Selesite asanabadwe.
Nsapato yakumanzere, inanso yakumanzere,
maloko opanda makiyi, chitini cha misomali yopindika,
ndi ndalama zakale zija za mazilo ambirimbiri
zimene lero sizingagule ngakhale machesi.
"Tidzazifuna tsiku lina," amatero mwamuna wanga.
Tsikulo ndi mphemvu zokha zimene zinalipeza.

Ndaunjika zonse pakhonde.
Ana a kwa Firimina abwera ngati linthumbu,
pofika masana mulu watsala theka
ndipo galimoto ziwiri zamawaya zikuyenda kale m'bwalo.

Pakhoma pali mng'alu
umene mphepo ya ku Domwe imalowera mwezi wa Juni
n'kudzatigwira m'mapazi.
Ndaumata ndi simenti ya m'mbale
yopempha kwa mmisiri Bonifasiyo.
Laimu ndagula ndi ndalama zanga za mbatatesi,
bulashi ndilibe, ndapaka ndi tsache,
ndipo ndayera mpaka m'nsidze.
Selesite waseka mpaka wakhala pansi.

Zenera lomwe linakana kutseguka
chaka chimene denga linasasuka
ndalithira mafuta ophikira, ndalimenya ndi chigongono,
lalira ngati mbuzi, lavomera.
Dzuwa lalowa mwamanyazi
ngati mlendo amene sanamuitane kalekale.
Ndapachika kapulana yanga yobiriwira.
Thabwa lotsala pa khola la nkhumba
ndalipala ndi galasi losweka, ndalikhoma ndekha:
ndi shelefu imeneyo, wina asanene kanthu.

Kwatsala sutikesi ya pakona.

Pansi pa malaya amene anasiya kumukwana
ndapeza kachitini ka mkaka, kadzimbiri.
M'kati, m'pepala lapulasitiki lopindidwa kanayi,
khadi yolandirira ufa ku msasa wa othawa nkhondo.
Dzina la amayi ake.
Chiwerengero cha pabanja: asanu.
Wina anadzadula ndi cholembera, n'kulemba anayi.
Ndi kiyi mmodzi pa chingwe cha khonje,
wa nyumba ya ku Tsangano imene inatsala phulusa.

Anandiuzapo kamodzi kokha, nyali itazima,
kuti anawoloka malire ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri
atavala kabudula yekha,
chibekete chake chosewerera anachisiya pakhomo
poganiza kuti abwerako m'mawa.

Ndakhala pa bedi lopanda matiresi,
laimu akuuma m'manja mwanga.
Munthu amene anasiya zonse usiku umodzi
umamuuza bwanji kuti loko wakufa ndi chinyalala?

Ndatuluka. Ndabweza wailesi imodzi,
ija yakuda, yokhala ndi chogwirira.
Zinazo zipite ndithu, chipinda n'changanso.
Kachitini ndakapukuta
ndakaika pa shelefu, poonekera.

Wafika kutada, thumba la mchere paphewa.
Waima pakhomo la chipinda, wanunkhiza.
Wawerama, wasuzumira pansi pa bedi:
simenti yokhayokha, yosesedwa.
Khosi lake layamba kutupa, ndikulidziwa,
ndakonzeka kale ndi mayankho anga onse.
Kenaka maso ake akwera khoma loyera
n'kukafika pa kachitini.

Zii.
Kwa Firimina galu akuuwa.

Wakagwira ndi chala chimodzi, osakatsegula.
Watsokomola.
"Shelefuyi yapendekeka," watero,
"ikufunika msomali wina apa.
Chitini changa cha misomali chili kuti?"

Ndayang'ana Selesite. Selesite wayang'ana kudenga.
Tsiku lina lija lafika lero,
ndipo ndili pakhomo la Firimina ndi tochi,
ndikudzutsa ana a eni.