Nambala pa Mkono

Tinadzuka nkhuku zisanatsike,
ku Chawama magetsi atazima monga mwa masiku onse.
Zelipa analongedza mumdima,
akuwerenga ndi zala:
matewera, kabotolo ka mankhwala a chifuwa,
nthochi zosapsetsa kuti zingaphwanyike,
kajuzi ka Lekani kong'ambika pachigongono,
kamene akapanda kukavala sagona.

Ine ntchito yanga inali imodzi.
Ndinatenga bolopeni,
ndinagwira mkono wa Mwatitha, wazaka zisanu,
n'kulembapo nambala yanga ya foni
mpaka kufika pachigongono.
Anaseka: Adadi, mukundigirigisha!
Zelipa anati, Mwana si thumba la chimanga
loti muzililemba dzina.
Sindinayankhe.

Pa Intercity, faifi koloko.
Anyamata oitanira akukuwa Petauke, Katete, Chipata,
wina watola kale chikwama chathu
asanafunse komwe tikupita.
Utsi wa dizilo, fungo la tiyi ndi mazira,
mawilibala akudutsa m'miyendo ya anthu,
basi ikubwerera chammbuyo popanda woilondolera.

Malamulo ndinawanena pageti:
dzanja lako m'dzanja langa;
wina akakupatsa chakudya, yamba wayang'ana amayi;
ukasochera usathamange,
ima pomwe ulipo ngati mtengo.

Kenaka ndinamusiya dzanja kuti ndiwerenge chenje.
Chenje basi.
Makumi awiri, makumi atatu, ndi zisanu,
dzanja langa pobwerera
linagwira mphepo.

Sindinkadziwa kuti mu Lusaka
muli ana ambiri chotere ovala zofiira.
Ndinatembenuza atatu, onse a eni.
Ndinasuzumira pansi pa basi ya ku Chipata,
ndinaitana dzina lake mpaka linaleka kumveka ngati dzina.
Zelipa, Lekani ali kumsana,
sananditukwane.
Kukanakhala bwino akananditukwana.

Foni inanjenjemera m'thumba.
Nambala yachilendo, mawu a mayi:
Bambo, muli ndi mwana wolembedwa pamkono?
Nambala yomaliza yafufutika ndi thukuta.
Ndinayesa faifi, anayankha munthu wa ku Kabwe,
wandikalipira kuti ndamudzutsa.
Ndiye ndayesa sikisi.

Tinamupeza kuseri kwa mulu wa matayala,
pafupi ndi beseni la mayi wogulitsa mazira.
Anali atatsatira galimoto zamawaya
za mnyamata wina wozigulitsa.
Anangoti njo, miyendo pamodzi, manja m'mbali,
mtengo weniweni, wa diresi yofiira,
misozi itauma m'masaya,
dzira losenda lili m'manja, losaluma.
Sindinadye, Adadi.
Ndimadikira kuyang'ana amayi kaye.

Mayi uja anakana ndalama.
Anati, Yuniti yanga yokha mundibwezere,
ndipo tsiku lina muzilemba zooneka.

Basi inanyamuka dzuwa litatuluka.
Lamba wapampando anali woduka,
Zelipa anakulunga Mwatitha ndi chitenje
n'kumangira mfundo m'chiuno mwake iye mwini.
Pa Manda Hill tinayamba kuwerenga galimoto zachikasu,
Lekani akuloza chilichonse, ndi njinga zomwe,
akuti chikasu, chikasu.
Pofika pathanki ya ku Chelstone zinali zisanu ndi ziwiri,
ndipo woziwerenga anali atagona,
chipolopolo cha dzira chili pachibwano.

Apo Zelipa anapisa m'thumba la malaya anga,
anatenga bolopeni ija osapempha.
Anabwereza nambala pamkono wa mwana wogona,
pang'onopang'ono, akudikira basi idutse mabampu,
sikisi womaliza anamulemba katatu.
Analemba ina pamwendo wa Lekani.
Kenaka anatenga dzanja langa,
lomwe lija linawerenga chenje,
analitambasula pabondo pake
n'kulembamo nambala yake.