Sikelo ya pa Bangula

Ndine ndimaimika anthu pa sikelo
pabwalo la ndege la Bangula,
pomwe timayamba tapirikitsa mbuzi ndege isanatere.

Lero dzuwa laswa mtengo.
Woyendetsa, Mayi Chabwera, akuti mpweya wotentha ngwaulesi,
sunyamula mapiko.
Atsamira tayala, pensulo m'manja:
mafuta okafikira ku Chileka,
ena ozungulira nawo chiperoni chikatseka mapiri a Thyolo,
ena obwerera nawo.
Otsalawo ndiye makilo a anthu.

Joakina wavula nkhwaira, wakwera.
Muvi wanjenjemera, waima pa makumi asanu.
Mtolo wake wa milamba youma
wapyola ndi makilo asanu ndi awiri.

"Madzi asanatilande Makhanga
ndinkalemera makumi asanu ndi limodzi.
Khumi enawo ndinasiya kumsasa.
Nsombazi zikhale pamalo pawo.
Mwana wanga ali kuchipatala ku Blantyre,
nyemba zamukola."

Ndayang'ana pansi.
Sikelo siisunga ngongole.
Imadziwa za lero basi.

Mayi Chabwera awerengeranso, milomo ikugwedera.
Mafuta sakhudza, ngakhale dontho.
Alowa m'ndege, atuluka ndi chikwama chawo,
cha nsapato, zovala zamawa ndi buku,
andiponyera.
Makilo anayi.

Atatu otsalawo Joakina wasolola yekha,
mlamba umodziumodzi, kusankha yowonda,
kuiyala pa benchi langa
osandiyang'ana.

Ndege yathamanga mpaka kumapeto kwa bwalo,
yanyamuka monyinyirika,
mthunzi wake wawoloka Shire.

Ndatsala ndi fumbi m'mano,
chikwama cha eni,
ndi nsomba zomwe sindikudziwa
ndizilembe m'kaundula uti.