Khutu Lamanzere

Pa benchi ya Twaibu, kuseri kwa depoti ya Mangochi,
mahedifoni ankalendewera pamsomali ngati milamba yowamba.
"Awa ndi opanda waya, a ku Joni.
Besi yake imagwedeza chiwindi."
Mtengo wake? Mbuzi ndi kamwana kake.
Komanso amafuna kutchaja,
pomwe kwathu kwa Mponda magetsi amabwera
ngati mlendo wosokera njira.

M'thumba mudali ndalama ya madiresi atatu
amene ndidasoka thukuta lili kamukamu.
Za sipika ndidaiwalako kalekale:
khoma lathu ndi la Che Ajibu ndi limodzi,
ndipo iwo amadzukira swala ya m'bandakucha.

Ndidasankha a waya, akuda, a siponji yopyapyala.
Ndidawayesa ndi nyimbo yanga, osati yake,
poti wamalonda amadziwa nyimbo yobisa zilema.
Ndidapinda waya pakhosi, n'kutchera khutu: osatsokomola.
Tidanenerera mpaka Twaibu adagwira kumutu.

Masabata atatu okha.
Lamanzere lidangoti zii, gitala ali pakati pa kulira.
Ndidamanga ndi ulusi, ndidapukuta pulagi pamalaya,
ndidatukwana Twaibu ndi fakitale yomwe.

Koma usiku wina, ng'oma ikugunda kumanja,
kumanzere ndidamva Asiyatu akutembenuka pamphasa,
ndi kamluzu m'chifuwa cha mwana.
Tidamukweza kabaza usiku womwewo,
waya akulendewerabe m'khosi mwanga.

Mwanayo pano akuthamangitsa nkhuku panjapo.
Twaibu akuti ndibweretse andilumikizire.
Ayi, asiyeni choncho.
Khutu limodzi n'langa,
linalo n'la m'nyumba muno.