Mafumu a M'katoni

Kwa M'baluku, kuseri kwa chigayo,
Che Twaibu amasunga mafumu m'makatoni a sopo.
Matepi makumi anayi kudza awiri.
Anatola pang'onopang'ono zipinda za vidiyo zitayamba kutsekedwa:
ina ku Namwera, posinthanitsa ndi tayala la njinga,
ina ku Chimwala, m'malo mwa ngongole
ya munthu amene anapita ku Joni osatsanzika.

Ine ndimangowakonzera deki.
Lamba akaduka ndimadula chubu,
mutu ukachita nkhungu ndimapukuta ndi thonje.

Loweruka magetsi akatikomera mtima
timakhala awiri pa benchi.
Akavalo amatuluka m'chipale cha sikirini,
mikanjo ikukwekwereza pansi ngati ilibe wochapa,
mfumu yandevu ikulankhula chiyankhulo
chimene tonse sitikumva.
Iwo amamasulira okha.
Apa akuti m'bale wake ndi njoka.
Apa akuti korona ikumulemera,
waona mmene wagwirira khosi?

Amati: m'tauni muno muli nsanja ya wotchi
ya mfumukazi imene sinapondepo fumbi lathu.
Anga awa amabwera ndikawaitana,
ndipo ndikatopa nawo ndimawabweza m'mbuyo ndi pensulo.

Mwezi wa Okutobala kunabwera mnyamata wa ku Blantyre,
magalasi pamphumi, chikwama chonenepa.
Ananunkhiza zikuto, nawerenga zaka,
natchula mtengo woti kabaza angasiye kupalasa.
Tinamuikira ija ya chikuto chofiira.

Mwana wa mfumu wagwada,
ansembe akweza korona m'mwamba,
malipenga,
kenaka chithunzi chinanjenjemera.
Panatulukira bwalo la kwa Mponda, zaka zapitazo,
ukwati wa winawake, kamera yobwereka,
ndi Abiti Sumani atanyamula beseni la mpunga pamutu,
akuseka, akukupiza dzanja
kuti wojambulayo achoke panjira.

Mphindi imodzi yokha.
Pobwerera ku nyumba yachifumu
mwana uja anali atavekedwa kale.

Iyi ndi yowonongeka, anatero mlendo,
wina anajambulapo zake.
Anasankha khumi ndi ziwiri, nalipira, napita.

Che Twaibu sanawerenge ndalamazo.
Manda a mayiwo ndinathandiza kukumba ndine,
choncho sindinafunse kanthu
atatola pensulo pawindo
nayamba kuzunguza tepi yofiirayo m'mbuyo,
akuwerenga chamumtima
kuti isapitirire pomwe beseni likutulukira.