Kabuku ka Luchenza

Kabuku kako kafika, Layisoni,
kamene unapatsira mwana wa a Nahache.
Chijeremani chandikanika,
koma zithunzi sizifuna womasulira:
mtsinje wowongoka ngati msoko wa makina anga,
tchalitchi cha nsonga yonga singano,
wotchi ya pakhoma imene ukuti sinaimepo,
ndi nkhope zisanu ndi ziwiri za anthu otchuka
obadwira m'katauni kako ka chisanuko.

Ukuti ndikutumizire kathu
kuti ukaonetse anzako a kuchipatala.
Ndinakafunsa ku khonsolo, anati ndibwere Lolemba.
Basi ndalemba ndekha,
kuseri kwa pepala la miyeso ya madiresi.

Uwauze kuti Luchenza anakhala pakati pa akuluakulu awiri.
Uku phiri la Mulanje,
limene limasankha lokha tsiku loti tilione,
uku tiyi wa Thyolo, wometedwa ngati mwana wa sukulu ya mishoni.
Ife tili m'munsi, pokumanira fumbi.
Thuchila amadutsa chapafupi.
Mu Okutobala mbuzi imawoloka osanyowa mimba,
koma chaka cha namondwe chija
anabwera atasenza malata, mabedi, ndi ng'ombe ya eni,
ife tinangoima pamtunda osayang'anana.

Mbiri yathu ina inabwera pa njanji, ina wapansi.
Makolo anawoloka Ruo
ndi mbewu ya kalongonda yomanga pansonga ya nsalu,
kuthawa chikwapu tsidya lija,
n'kudzapeza thangata akuwadikira tsidya lino.
Za chaka usandifunse.
Palibe anazilemba pamwala,
zinalembedwa pamsana, ndipo misanayo tinaika kale.

Malo oti alendo aone alipo.
Siteshoni, kumene udzu umamera pakati pa njanji
ndipo amayi ayanikapo makaka.
Sikelo ya ogula nandolo, imene sinalakwitsepo mokomera mlimi.
Mtengo wa mango wa anyamata a kabaza,
nkhani zonse za dziko zimayamba zapuma pamenepo.
Nthochi zikuluzikulu zija usawalonjeze, zinapita ndi matenda.

Tsopano anthu otchuka.
A Fulaye Namakhwa, amene anakweza mbendera ya sitima zaka makumi atatu,
mpaka lero wezulo amaipukuta ndi phulusa
ndipo ikakwana thuu koloko amayang'ana cha ku Limbe.
Wotchi yathu ndi imeneyo, nayonso sinaimepo.
Mayi Esnala Mulipa, mzamba,
theka la msika uno linatulukira m'manja mwawo,
iwenso, miyendo patsogolo, koloboyi akuthima,
iwo akukutukwana mu Chilomwe kuti upume.
Ajibu wokonza njinga,
amene ndi mphira wa chubu akhoza kumanga ngakhale banja.
Aphunzitsi a Khoromana, anatiphunzitsa mitsinje ya ku Ulaya
ndi ndodo ya bulugamu,
Rhine ndimaukumbukira pa chikhatho chamanzere.
Anamwalira osaonako nyanja ya mchere.

Ndafika anayi.
Mzere wachisanu ndausiya wopanda kanthu.
Anthu pano akuti ndilembepo iwe,
koma ine ndakana.
Kutchuka chifukwa chochoka,
bwenzi sitima nayo tikuilemba.
Udzabwere, udzamange bala la munthu mmodzi pano,
cholembera ndasunga m'kabati ya ulusi.

Patsamba lomaliza la kabuku kako pali mapu,
ndi kadontho kofiira kosonyeza pamene munthu waima.
Ine utoto wofiira ndilibe,
ndangoboola pepalali ndi singano.
Usiku ukaweruka, ulikweze ku getsi,
utsinzine diso limodzi.
Uona khonde la sitolo ya a Mpasuka,
chiperoni akutsika kuchokera kuphiri,
ndi ine, phazi pa chopondera,
ndikufupikitsa buluku limene unasiya
kuti limukwane mphwako.