Dzanja Lotsalira M'mutu

Dzanja langa lamanja linapita ndi lamba wa chigayo cha pa Santhe,
Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Juni,
mgaiwa wa mayi wina usanathe kutsika.
Sindinalitsanzike.
Kumene analikwirira sindikudziwa.

Koma usiku limabwera.
Limafumbata chibakera, zikhadabo n'kuloweratu m'chikhatho,
chala chachikulu n'kumayabwa
pachipsera pamene injini inandiwotcha kalekale.
Ndimatuma lamanzere kuti likakande.
Limakanda bulangete.

Mlamu wanga Chadza anati mzimu wake sunagone.
Abusa anandisanjika manja, awiri onse, iwo.
Mkazi wanga Nasiketi sananene kanthu,
ankangoyatsa tochi, kundipeza ndikukanda mphepo,
n'kuzimitsa.

Ku boma, m'chipinda cha mafizo
chimene windo lake limayang'ana phiri la Kasungu,
Yankho Kamtedza, mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga,
sanaseke.
Anati: Tsinzinani, bambo.
Anandisisita tsaya ndi kathonje.
Mukumva pati?

Patsaya.
Ndinakhala chete, manyazi atandigwira pakhosi.
Komanso... pachala chachikulu.
Chija kulibe.

Anakoka mpando. Anati,
m'chigaza mwanumo muli mapu a thupi lonse,
chiwalo chilichonse ndi ndime yake.
Ndime ya dzanja inachita malire ndi ya nkhope.
Mwini munda atachoka, mauthenga atasiya kufika,
woyandikana naye wayamba kulowetsa mizere yake.

Izo ndinazimva msanga.
Ndinakulira pa esiteti ya fodya,
ndikudziwa zimene zimachitikira munda wa munthu wosamuka.

Anati timaselo ta m'menemo n'tochuluka
kuposa nthanga za fodya zodzaza ndowa,
tonse tikunong'onezana ndi timphezi tating'onoting'ono.
Tina tikulamulabe kuti, tambasuka!
ndipo tikudikira yankho lochokera kumanda.

Kenako anatulutsa katoni ya sopo
ndi galasi lometera ndevu, long'aluka pakona.
Chitsa ndinachibisa kuseri.
Lamanzere ndinaliika patsogolo pa galasi.
Ndinasuzumira.

Linali pomwepo.
Lamanja. Loyera, lopanda magazi, lopanda ngakhale chipsera.
Tambasulani onse awiri, iye anatero.
Pang'onopang'ono.

Miyezi isanu ndi iwiri chibakera chili chomanga.
Chala chimodzi chinadzuka,
chinzake n'kutsatira,
ngati masamba a fodya wouma akamva chinyontho cha m'bandakucha.
Ndinalira mokweza mpaka mlonda anasuzumira pakhomo.

Ndiye tikuunamiza? ndinafunsa.
Anati maso ndi mboni imene ubongo umaikhulupirira kwambiri,
tangoibweretsa pabwalo.

Nanga ine amene ndikudziwa kuti ili ndi galasi,
ndi uyo amene wakhulupirira,
ndani mwa awiriwa ali Lufeyo Mbingwa?

Apa ndiye anaseka.
Anati alipo anthu amene amagoneka anzawo m'makina aakulu ngati thanki,
n'kumaonerera mbali za ubongo zikuyaka pamene munthu akukumbuka kwawo,
koma funso limenelo nawonso limawasowetsa tulo.
Mubwerenso Lachinayi.

Sindinachiriretu, ndisaname.
Kukazizira limabwerabe ndi mkwiyo wake.
Koma ndikamayenda mumsewu wa M1, malole akundipemerera fumbi,
ndimaganiza za chinthu ndasenzachi,
chofewa ngati papaya wakupsa,
chimene sichinaonepo dzuwa chibadwire
koma ndicho chimandiuza kuti kwacha.
Chimasunga fungo la dizilo, nyimbo ya ku Sande sukulu,
ngongole ya Chadza,
ndi dzanja limene dziko lonse linavomereza kuti linapita.

Ndinagula galasi langa mumsika, pafupi ndi ogulitsa usipa.
Mnyamata wake anati, ndevu zake ziti, madala?

Usiku Nasiketi amandigwirira tochi.
Ndimatambasula zala zisanu patebulo,
zisanu zina zimavomera m'galasi.
Nthawi zina, chikhatho chikatseguka,
ndimamva kaufa kofunda pakati pa zala,
ka mayi uja,
amene mpaka lero sindidziwa ngati anagayitsa.