Inki Yofiira

A Makwinja analemba pabolodi, choko chikulira:
"Chimene ndimanyadira kwathu. Mawu mazana atatu. Lachisanu."

Ndinati izi n'zophweka.
Ndinakwera phiri la Zomba ndili chikhalire pampando,
ndinatola mathithi, mikungudza, damu la Mulunguzi,
nyumba yakale ya malamulo,
n'kuwaza "kokongola" paliponse
ngati mchere wa munthu wosadziwa kuphika.
Kokongola kwambiri. Kokongola zedi. Kokongola koopsa.

Lolemba pepala linabwera litavulala.
Pansi pake, inki yofiira:
"Izi zili pakalendala ya kubanki.
Kuphiriko unafikako liti? Iweyo umagona kuti?"

Ndimagona ku Chikanda, aphunzitsi,
kumene mvula ikagwa nsapato zimayendera m'manja,
kumene alendo a makamera safika.
Kumeneko n'kunyadirako chiyani?
Ndinapinda pepalalo kanayi,
ndinadzera ku Mpondabwino mkwiyo uli pakhosi.

Che Ndembo anali pamalo pawo
akukhoma ndowa yobooka ya Abiti Jafali.
Kho, kho, kho, kenaka kuikwezera kudzuwa
kufuna pamene kuwala kukudontha.
Sanaipake utoto. Anatseka bowo.
Ndinaima pamenepo mpaka anandifunsa ngati ndatumidwa.

Usiku, ndi kuwala kwa foni ya achimwene,
ndinayang'ana chimangirizo changa ngati ndowa ija.
Utoto wokhawokha.
Sichikanasunga madzi ndi dontho lomwe.

Ndinayambanso.
Ndinalemba za chaka chija Likangala anasefukira
n'kunyamula kamlatho kathu ngati phesi.
Ndinalemba kuti anthu anagwirizana.
Ndinafufuta. Anthu ake ati? Anagwira chiyani?
Ndinalemba kuti a Muhiwa a kabaza
anazula chitseko cha khitchini yawo
kuti chikhale thabwa loyamba;
kuti amayi a Mvano ndi amayi a Dawa
anapatsirana miyala dzanja ndi dzanja
osafunsana kuti mumapemphera tsiku liti;
kuti mnyamata wa magalasi wa ku Chanco,
amene tinkamuseka kagwiridwe ka fosholo,
anatuluka matuza n'kumadziseka yekha;
kuti lisanafike Loweruka
ana a sitandade wani anawoloka mapazi ali owuma.

Ndi pamene ndinaona kuti mneni ndiye amasenza katundu,
mfotokozi amangoperekeza, manja ali m'thumba.
Mpatuliro ndi popumira mayi wa nkhuni potsika phiri,
mpumiro ndi potula mtolo.
Ndipo ndime ikapanda kukhudza inzake
wowerenga amagwera m'madzi.

Ndinaikamonso ngalande yonunkha ya kuseri kwathu
ndi kachasu amene anatilanda amalume.
Mchemwali wanga anasuzumira, nati,
"Chotsa izo, utichititsa manyazi."
Sindinachotse.
Mayi akamanyadira mwana wake
sabisa kuti ali ndi chipsera pamphumi.

Nditawerenga, mawu anapitirira ndi zana lathunthu.
Kudula kunawawa kuposa kulemba.
Unapita mwambi umene ndinabwereka kuti ndioneke wanzeru,
anapita "kunena zoona" atatu onse,
"mwachidule" amene sanafupikitse kanthu anatsatira.
Chitseko cha a Muhiwa ndinachisiya pomwepo.

Pepala labweranso lero.
Inki yofiira idakalipo ndithu:
pa "mlatho" ndaiwala h kawiri,
ndime yachitatu yatalika,
mathero athamanga ngati minibasi ya ku Limbe.
Za malikisi sindinena, sanali a munthu wovinira.
Koma m'mphepete, pafupi ndi chitseko chija,
pali tizilembo topendama:
"Nanga khitchiniyo anatsekera chiyani?"

Sindikudziwa.
Chaka ndi miyezi ndakhala ndikuponda thabwa limenelo
m'mawa ndi madzulo, osafunsa.
A Muhiwa amaweruka dzuwa likabisala kuseri kwa phiri.
Ndikukawadikira pakhomo pawo,
kope lili m'khwapa.